Mlulu wa Apongozi Anga

Ine ndinabadwira mu komboni ya pa mgodi ku Kabwe, ndipo mpaka pamene boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Chikwa, m'dera la Chama, mpunga ndinkaudziwa m'malo awiri okha, m'thumba ndi m'mbale. Ndanena izi poyambirira kuti mukamandiseka muziseka mwachifundo. Anthu a ku Chikwa anandiseka mopanda chifundo, ndipo ena akali kuseka mpaka manje.

Ndisanakhale mphunzitsi ndinayesako za unsembe. Ndinakhala zaka zinayi ku seminale yaing'ono, kumene wansembe wina wachikulire wa ku Italiya ankatiphunzitsa Chilatini. Bambo ameneyu anali ndi matenda amodzi: sankalola liwu kudutsa osalifunsa kwawo ndi makolo ake. Tsiku lina tinakumana ndi dzina la kaudzu kena ka m'madambo, kamene anthu amalukira mikeka ndi madengu. Analemba pa bolodi kuti juncus, ndicho Chilatini. Pansi pake analemba giunco, nati ameneyu ndi mwana wake wa ku Italiya. Chapatali analemba rush, nati Angerezi monga mwa chizolowezi chawo anakatola lawo kwina. Kenako anatiuza kuti amayi ake ankaluka madengu ndi giunco m'nyengo yozizira, ndipo anachotsa magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ndinafunsa mnzanga wa ku Katete kuti m'Chinyanja n'chiyani, iye anati mlulu. Unsembe unandikana chaka chotsatira, koma mawu amenewo anatsalira m'mutu mwanga popanda ntchito.

Ku Chikwa ndinapeza namwino wa pa kiliniki, mwana wa komweko, Msenga weniweni, woseka ndi thupi lonse. Anandibaya jakisoni wa malungo ndipo ndinabwererako kawiri ndili bwinobwino. Patatha chaka tinagwirizana za ukwati. Nkhoswe yanga anali adepute, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu pathu, bambo wobadwira ku Chikwa komweko, amene anandiphunzitsa malamulo usiku usanade, tili pansi pa mtengo wa mango. Apongozi aakazi suwayang'ana kumaso. Sudya nawo. Mukakumana panjira, upatuka. Ukafuna kuwalankhula, ulankhula ndi munthu wina amene ali pafupi, iye n'kupereka mawuwo, ngakhale apongoziwo akumva bwino lomwe. Ndipo chachikulu, suwatsutsa, ngakhale atanena kuti dzuwa latulukira ku Mpika.

Anandichenjezanso za munthu mmodzi. Atate ake a mtsikanayu anamwalira kale, ndipo mawu onse a m'banjamo anali kwa mng'ono wawo wa malemuwo, amene iye amawatcha atate aang'ono. Bambo amenewa sankandifuna. Mtima wawo unali pa mwini chigayo wa pa msika, kuti ndiye akwatire mtsikanayo, ndipo ankangodikira kuti wa ku tauniyu aphonye penapake, amubwezere kwawo ndi choko chake.

Tsiku lokaonekera linafika, tinapita titanyamula mbale zofunsira ukwati monga mwa mwambo. Anatiyalira mkeka pakhonde, apongozi anakhala chapatali atatembenukira ku nkhokwe, atate aang'ono anakhala pa mpando n'kumandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba mbuzi. Poti kumaso kunali koletsedwa, maso anga anatera pa mkeka. Panakhala chete wautali, wa mtundu uja umamva ntchentche ikupuma. Ine chete ndimamuopa kuposa njoka. Pakamwa panga panatseguka pokha.

“Adepute,” ndinatero, “auzeni amayi kuti mkeka uwu ndi wokongola. Ndi wa mlulu, eti? Mlulu m'Chilatini ndi juncus. Ku Italiya amati giunco. Angerezi amati rush.”

Adepute ananditsina ntchafu, koma mawu anali atatuluka, ndipo mwambo unawakakamiza kuwapereka. Anawapereka m'Chisenga, onse atatu, akutuluka thukuta pa giunco. Apongozi anawomba m'manja pang'onopang'ono, akali chiyang'anire nkhokwe. Anati chibadwire chawo aluka mikeka yosawerengeka, koma sanamvepo kuti mlulu umadziwika mpaka kwa Papa.

Pofika Lamlungu, mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi atsopano anaphunzira za mlulu zaka zinayi kwa azungu. Mayi wina anandiimitsa pa mjigo kundifunsa chifukwa chake mikeka yake imachita nkhungu. Ndinamuuza kuti aziyanika bwino, iye anagwada pothokoza. Ndikanakana pamenepo. Koma kunena zoona, kunkandikomera. Ku Kabwe palibe amene anandigwadirapo.

M'mwezi wa Malichi, mvula ikuyamba kuchepa, adepute anabwera ndi uthenga. Apongozi ankafuna kuluka mkeka watsopano woti mwana wawo adzakhalepo pa tsiku la malangizo, ndipo anati poti mkamwini wawo ndi katswiri, akamwete yekha mluluwo. Ntchito imeneyi inali mayeso, tonse tinadziwa. Njira anandiuza: upite kudambo, ukafike pa chulu cha mtengo wa msikidzi, udutse munda wa apongozi, mlulu uli kutsidya kwake. Atanena izi anakwera lole kupita ku Chipata ku maphunziro a masabata atatu. Mtsikana wanga nayenso anali ku Lundazi, kumene anamutumiza kukathandiza pa chipatala. Anthu awiri okha amene akanandigwira dzanja anachoka sabata imodzi.

Mlulu wamoyo ndinali ndisanauonepo. Kufunsa sindikanafunsa, katswiri amafunsa ndani? Koma ndinali ndi dikishonale yanga ya ku seminale, ndipo pambali pa juncus panali kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu: timitengo tobiriwira, towongoka, tozungulira, titaima m'madzi. Ndinakajambula pa foni, ndinabwereka chikwakwa cha sukulu, Loweruka m'mawa ndinanyamuka pa njinga.

Chulu ndinachipeza, msikidzi ndinaupeza. Ndinakwera pamwamba kufunafuna munda woti ndiudutse, koma munda panalibe. Kwa ine munda unali chinthu cha mizere, cha chimanga, mwina ndi maungu m'mbali. Kutsogolo kwanga kunali udzu wokhawokha, wobiriwira, wowongoka, wofika m'chiuno, utaima m'madzi popanda mzere ndi umodzi womwe. Ndinatulutsa foni. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana udzu. Ndinatsika n'kugwira tsinde limodzi, ndipo linali lozungulira, lonenepa chapakati. Ndinati adepute akukalamba, aiwala kuti munda uli kwina. Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauzi, ndinachita chizindikiro cha mtanda chifukwa cha misundu, ndinayamba kumweta.

Ndinamweta mwaluso, musaganize kuti ndinachita zosasamala. Ndinkadula pansi penipeni kuti matsinde akhale aatali, n'kumawasanja mitu mbali imodzi. Anthu opita kuminda yawo ankaima pa njira. Bambo wina anachotsa chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

“Mwauka bwanji, aphunzitsi?”

“Ndauka bwino, kaya inu?”

“Mu… mukumweta?”

“Ee, andituma amayi.”

“Akutumani okha?”

“Okha.”

Bamboyo anavala chipewa n'kumapita akucheuka. Ine ndinati taonani, ngakhale eni dziko akudabwa ndi kamwetedwe kanga.

Masana ndinafika kwa apongozi ndi mitolo itatu pa njinga, miyendo ili magazi okhaokha a misundu. Pakhomo panalibe munthu wina, koma apongoziwo akusenda chinangwa ndi mbuzi yaikazi yomangidwa pa mtengo. Ndinatsitsa mitolo, ndinagwada chammbali, ndinasowa wolankhula naye. Ndinayang'ana mbuzi.

“Auze amayi kuti mlulu wabwera,” ndinaiuza.

Apongozi anadzuka, anafika pa mitolo, anazula tsinde limodzi. Ndinkangoona mapazi awo. Mapaziwo anaima pamalo amodzi nthawi yaitali kwambiri, zala zikukanda dothi. Kenako ndinamva akufunsa mbuziyo, ndi mawu otsika:

“Afunse aphunzitsi kuti amweta pati.”

“Auze kuti patsinde pa chulu cha msikidzi pomwe. Ulipo wambiri, wonenepa bwino.”

“Pa njira panali anthu?”

“Ambiri. Onse andipatsa moni.”

Mapazi aja anabwerera pang'onopang'ono. Ndinamva akukhala pansi ngati munthu amene watula katundu wolemera. Mbuzi inali itakoka chingwe mpaka kufika pa mtolo woyamba, ikudya mwadyera, ndipo ine ndinaimenya pamphuno chifukwa chowononga zinthu za mkeka.

“Auze aphunzitsi kuti zikomo,” anatero apongozi. “Agwira ntchito.”

Madzulo ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, kumene foni imagwira, ndinaimbira mtsikana wanga. Ndinamuuza kuti mlulu ndamweta ndipo amayi athokoza. Anaseka mokondwa, nati ankada nkhawa pachabe.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinawerengera kuti mlulu ukauma umachepa, ndipo mkeka wa malangizo uyenera kukhala waukulu, wa mkazi wa katswiri. Loweruka lotsatira ndinabwerera osatumidwa. Tsiku limenelo pa chulu panakhala anthu ngati pa mpira. Palibe anandiletsa. Pambuyo pake ndinamva kuti ankakangana chonong'ona: ena ankati wapenga, ena ankati munthu wa zilankhulo zitatu sangapenge poyera chonchi, payenera kuti pali nzeru ya ku Italiya. Bambo wa chipewa uja anali wa gulu lachiwiri. Anapita kumunda kwake n'kumwetako ngodya imodzi, kuti aone ngati ungabereke kawiri. Mkazi wake anamuthamangitsa ndi mpini mpaka kumsewu.

Apongozi analandira mitolo ya tsiku limenelo monga analandirira yoyamba. Choposa apo, anaiyanika pa thandala, n'kumaitembenuza m'mawa ndi madzulo anthu akuona, monga momwe amachitira ndi mlulu weniweni. Akawafunsa anzawo, ankayankha kuti akuyanika mlulu wa mkamwini wawo, ndipo nkhope yawo inali youma moti wofunsayo ankangoti, “Oo,” n'kumapita. Loweruka lachitatu ndinamaliza dambo lonselo. Ndinaima pa chulu n'kuyang'ana ziputu zili mbee m'madzi, ndinadzimva kuti ndine mwamuna.

Adepute ndi mtsikana wanga anabwera pa lole imodzi. Nkhani anaimvera m'lole momwemo, asanatsike. Ndinawaona akubwera kunyumba kwanga, adepute ali patsogolo, chikwama chikali m'manja.

“Iwe!” anakuwa ali patali. Chibwerere changa anali asananditchulepo kuti iwe. “Ndinati udutse munda! Udutse!”

“Munda panalibe, adepute.”

“Mayo ine! Nanga wamwetawo n'chiyani?”

Mtsikana wanga sanakuwe. Anakhala pa sitepe, anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira osadutsa pena paliponse. Anandiuza pakati pa misozi kuti kuno mpunga amafesa chomwaza, sabzala m'mizere. Anati matsinde onenepa aja inali mimba, mpunga unali utatsala masabata awiri kuti utulutse ngala. Mvula yatha, sudzaphukanso. Munda umenewo amayi ake anaulima okha ndi khasu, kuyambira Novembala, ndipo ndiwo unali chakudya chawo cha chaka, mchere wawo, sopo wawo, ndi mpunga wa pa ukwati wathu womwe.

Ndinakhala pansi pa dothi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso, ngakhale pamene anandichotsa ku seminale. Ndinakwiyanso, ndisabise. Ndinakwiyira mudzi wonse umene unakhala pa chulu kuonerera, ndinakwiyira wansembe uja ndi magalasi ake, ndinakwiyira mbuzi imene inadziwa zoona kuyambira tsiku loyamba.

“Nanga bwanji amayi sanandiuze?”

“Akanakuuza bwanji?” anayankha adepute. “Pakhomo paja mawu amodzi okha akuti mwalakwitsa, madzulo ake akanafika kwa atate aang'ono. Anthu anali atakuona kale. Manje konzeka, akuitana mawa.”

Bwalo linakhala pakhonde lomwe lija, koma ulendo uno anthu anadzaza mpaka ku khola. Mkeka sanandiyalire. Atate aang'ono anatuma munthu kukatenga mtolo umodzi pa thandala. Anasankha tsinde, analing'amba ndi chikhadabo, anatulutsa kangala koyera, kofewa, kamene kanafera m'mimba. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone, kenako anakabweretsa pafupi ndi mphuno yanga.

“Aphunzitsi, paja inu mumadziwa zilankhulo. Ichi m'Chilatini n'chiyani?”

Ndikanakhala chete. Munthu aliyense wa mutu wabwino akanakhala chete. Koma zaka zinayi za kuyankha mafunso a wansembe uja zinandigwira pakhosi.

“Oryza,” ndinatero. “Ku Italiya amati riso.”

Anthu anagwa ndi phwete. Mayi wina anachita kugubuduzika, mwana ali kumbuyo. Adepute anaphimba nkhope ndi chipewa. Atate aang'ono anadikira phokoso lithe, kenako analankhula modekha, ngati munthu amene wapeza chimene ankachifuna kalekale. Anati munthu wodziwa dzina la mpunga kwa Papa koma osauzindikira ataimamo mpaka m'chiuno, adzadyetsa mwana wawo maina. Anati mbale zimene tinabweretsa zibwezedwe lero lomwe, aphunzitsi akafune mkazi ku Kabwe kumene mpunga umamera m'sitolo. Ndinayang'ana kumene kunakhala mtsikana wanga, anali ataweramitsa mutu pa maondo. Ndinadziwa kuti zatha.

Pamenepo apongozi anatsokomola. Anali chikhalire potembenukira ku nkhokwe, ndipo analankhula ndi adepute.

“Afunseni alamu anga kuti mundawo ndi wa yani.”

“Ndi wanu,” anayankha okha atate aang'ono.

“Ndiye auzeni kuti mpunga uja ndinawatuma ndine aphunzitsi kuti amwete. Unali ndi matenda.”

Aliyense pabwalopo anauona mpunga umenewo, unali wabwino kuposa wina uliwonse m'dambo lija.

“Matenda anji, mlamu?”

“A m'kati. Osaoneka ndi maso.”

“Nanga mwakhala mukuuyanika pa thandala chifukwa chiyani, n'kumauza anthu kuti ndi mlulu?”

“Kuti matendawo asadziwe kuti tawazindikira.”

Wina anafuna kuseka, koma anameza. Atate aang'ono anaimirira, anakhalanso. Anayang'ana anthu kufuna mboni, koma ndani angatsutse mwini munda pa za munda wake, mayi wamasiye amene wataya chakudya cha chaka iye mwini osadandaula? Bambo wa chipewa uja, amene anamwetako wake, anaona mpata wotsuka dzina lake. Anaimirira nati zoonadi, matenda amenewo nayenso anawaona pa ngodya ya munda wake. Mkazi wake anamuyang'ana, iye anakhala pansi msanga.

“Mkamwini wanga ndinamutuma kamodzi, anapita katatu,” anapitiriza apongozi. “Misundu inamudya, sanabwerere panjira. Mbale zikhale pomwe zili.”

Mbale zinakhala. Atate aang'ono anachoka osatsanzika, ndipo sanandipatsenso moni mpaka mwana wathu woyamba atabadwa.

Sabata yomweyo ndinauza adepute kuti nthawi yokolola ikafika ndidzagula matumba a mpunga n'kukatula kwa apongozi. Anapita nawo mawuwo, anabwera nawo. Apongozi anati ayi. Anati thumba limodzi lokha likalowa pakhomo pawo kuchokera kwa ine, mudzi wonse udziwa kuti ndikulipira mlandu, ndipo ngati pali mlandu ndiye kuti iwo ananama pabwalo, alamu awo adzautsanso nkhani. Munda wa matenda salipira. Ndinayesa kudzera kwa mwana wawo, anabweza. Ndinayesa kusiya kathumba kuseri kwa nkhokwe m'mamawa, madzulo ndinakapeza pakhomo panga, katamangidwa bwino kuposa mmene ndinakamangira ine. Ukwati unachitika mu Ogasiti, ndipo mkeka wa malangizo unali wa mlulu weniweni, umene apongozi anakamweta okha kutsidya kwa ziputu zanga.

Koma chimene sindimachiseka m'nkhani yonseyi chinachitika ukwati usanafike, mu Meyi, anthu akukolola. Ndinkapita ku sukulu ina kukayang'anira mayeso, ndipo njira yanga inadutsa m'mphepete mwa dambo. M'munda wa mwini chigayo uja munali amayi asanu aganyu akumweta mpunga wachikasu, dzuwa likuswa mtengo. Wachinayi pa mzerewo, wowerama kwambiri kuposa onse, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno, anali apongozi anga. Ankagwirira kachitini ka mpunga ka tsiku limenelo, m'munda wa munthu amene anamukana chifukwa cha ine.

Ndinatsika pa njinga. Sindinadziwe chochita, ndinangoima pa njira, manja ali pa handulo. Iwo anandiona. Anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, anatembenukira kumbali, n'kulankhula ndi mayi amene anali pafupi nawo.

“Auzeni aphunzitsi apitirire, ana akuwadikira. Auzeninso avale chipewa, dzuwa ili si la anthu a ku tauni.”

Anaweramanso n'kugwira chikwakwa. Ine ndinakankha njinga mpaka pa mlatho osakwera, chifukwa njira sindinkaiona, ndinkalira.